Mafilimu akale a ku Hollywood: mumdima muja muli phunziro

Makolo ambiri m'maparishi mwathu akudandaula ndi zimene ana akuonera pa mafoni ndi pa wailesi ya kanema. Ena afika ponena kuti filimu iliyonse ndi msampha wa mdyerekezi. Dandauloli tikulimva, koma kuletsa kokha sikuphunzitsa mwana kusankha cabwino. Ndiye cifukwa cake lero tifuna kukamba za mafilimu akale a ku Hollywood, m'dziko la America, aja a zithunzi zakuda ndi zoyera cabe, amene anapangidwa m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Acinyamata amawaona ngati ogonetsa tulo. Ife tikuti ambiri mwa iwo amafotokoza bwino za chimo ndi cikumbumtima, ndipo mkhristu angapindule nawo.

Mafilimu a ku Hollywood si alendo kuno kwathu. Akuluakulu amene anasewenzako ku migodi akumbukira bayasikopo ya m'makomboni. Mayi wina wa ku America wofufuza za cikhalidwe ca anthu, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo anapeza kuti anthu anali kukonda kwambiri mafilimu a akauboi, aja okwera pa akavalo. Ngwazi iliyonse ya m'mafilimuwo anali kungoicha Jack. Boma la atsamunda linali kudulako mbali zina lisanalole anthu akuda kuonera, mwakuti nthawi zina nkhani sinali kumveka mutu wake. Koma pa nthawi yomweyo Hollywood inali kupanganso mafilimu a mtundu wina, ofuna kuwaonera mofatsa.

Dzina locokera ku France

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pamene dziko la France linali m'manja mwa asilikali a Germany, mafilimu atsopano a ku America sanali kufika ku Paris. Atayamba kufikanso mu 1946, anthu anadabwa kuona kuti asintha. Nkhani zake zinali za umbanda, cinyengo ndi dyera, ndipo zambiri zinali kucitika usiku. Wolemba nkhani wina, Nino Frank, anawacha film noir, mau a Cifalansa otanthauza filimu yakuda.

Mtundu umenewu suvuta kuuzindikira. Mumaona misewu yonyowa ndi mvula, utsi wa fodya, ndi nkhope ya munthu yowala mbali imodzi, mbali ina ili mumdima. Ena mwa akatswiri ake, monga Fritz Lang ndi Billy Wilder, anacoka ku Germany Hitler atatenga ulamuliro mu 1933. Anali atadzionera okha kuipa kumene munthu angacite.

Malamulo olembedwa ndi Akatolika

Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti malamulo otsogolera mafilimu a nthawi imeneyo analembedwa ndi Akatolika awiri: wansembe wa Cijezuiti, Bambo Daniel Lord, ndi mkhristu wamba wofalitsa manyuzipepala, Martin Quigley. Makampani a mafilimu anawavomereza mu 1930, koma anayamba kuwatsata mwamphamvu mu 1934, pamene mabishopu a ku America, kupyolera mu bungwe la Legion of Decency, anapempha akhristu kuti aleke kupita kukaonera mafilimu onyansa. Mu 1936 Papa Pius XI analemba kalata yonena za mafilimu yochedwa Vigilanti Cura, ndipo anayamikira nchito ya mabishopuwo.

Malamulowo analetsa kuonetsa umaliseche ndi kupha kwa nkhanza poyera, ndiponso sanalole kuti wocita zoipa aoneke ngati wapambana. Tisabise, analinso ndi zolakwika zake. Analetsa kuonetsa cikondi pakati pa mzungu ndi munthu wakuda, ndipo m'mafilimu ambiri a nthawiyo anthu akuda anali kuoneka ngati anchito a m'nyumba cabe. Malamulowo anatha mu 1968. Komabe anakakamiza opanga mafilimu kusewenzetsa nzeru: zimene sanaloledwe kuonetsa anazinena ndi mdima, ndi maso a munthu, ndi kukhala cete.

Njira ya chimo

Citsanzo cabwino ndi filimu ya Double Indemnity ya mu 1944, imene anatsogolera Billy Wilder. Walter Neff, amene anaseweredwa ndi Fred MacMurray, ndi wogulitsa inshuwalansi wa ku Los Angeles. Si cigawenga ai, ndi munthu wamba wokhala ndi nchito yabwino. Tsiku lina afika pa nyumba ya kasitomala, napeza mkazi wake, Phyllis, woseweredwa ndi Barbara Stanwyck. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Posapita nthawi awiriwo apangana kupha mwamunayo ndi kunamizira kuti wagwa m'sitima, cifukwa imfa yotere kampani imalipira kawiri: madola 100,000 m'malo mwa 50,000.

Onani mmene kuphako anakuonetsera. Sitiona magazi kapena mtembo panthawiyo. Kamera ikhala pa nkhope ya mkaziyo ali m'galimoto, maso ali gwa, pamene mwamuna wake akuphedwa pambali pake. Nkhope imeneyo imaopsa kuposa magazi. Onaninso kuwala kolowera m'mipata ya zochinga za pawindo: kumalemba mizere pa thupi la Neff ngati zitsulo za ndende, pamene apolisi sanamuganizire ngakhale pang'ono.

Cinyengoco ciyenda bwino poyamba, koma mtendere uwathawa. Awiri aja ayamba kukayikirana, ndipo pomaliza aomberana mfuti. Filimu yonse ndi kuulula kwa Neff, amene wakhala yekha mu ofesi usiku, wovulala, akulankhula m'makina ojambula mau kuti mnzake wa panchito, Barton Keyes, akamve zoona. Ife amene timaphunzitsa katekisimu timanena kuti chimo limayamba ndi kuyang'ana, kenaka kulakalaka, kenaka kuvomera mumtima, pomaliza kucita. Filimuyi imaonetsa masitepe onsewa mwadongosolo. Imaonetsanso kuti munthu wocimwa amafuna wina womuuza zimene zili kumtima.

Cinsinsi ca kulapa

Filimu ina yoyenera akhristu ndi I Confess ya mu 1953. Anaipanga Alfred Hitchcock, Mkatolika amene anaphunzira pa sukulu ya Ajezuiti ku London, ndipo anaijambulira mu mzinda wa Quebec ku Canada. Otto Keller, wanchito wa pa parishi, apha loya wina atavala mkanjo wa ansembe. Usiku womwewo alapa kwa Bambo Logan, woseweredwa ndi Montgomery Clift. Mboni zinaona munthu wa mkanjo akucoka pamalopo, conco apolisi ayamba kuganizira wansembe yemweyo.

Bambo Logan akudziwa wakupha, ndipo mau amodzi cabe akanawapulumutsa. Koma lamulo la Mpingo, limene lero lili pa nambala 983 m'buku la malamulo, limati cinsinsi ca kulapa sicingaululidwe pa cifukwa ciliconse. Iwo akhala cete mpaka m'khoti. Khoti liwamasula cifukwa umboni ndi wosakwanira, koma khamu la anthu panja liwanyoza, mpaka mkazi wa Keller alephera kupirira naloza mwamuna wake. Akhristu amene amaopa kukalapa poganiza kuti abambo adzaulula, aonere filimuyi. Amene amafulumira kuweruza munthu cifukwa ca mphekesera, naonso adzadziona m'khamu lija.

Ya alimi

Alimi anzathu, nanunso muli nayo yanu, ngakhale kuti siili m'gulu la film noir. The Grapes of Wrath ya mu 1940, yotsogoleredwa ndi John Ford, ikamba za banja la a Joad a ku Oklahoma. Cilala ndi mphepo ya fumbi za m'ma 1930 zaononga minda, eni malo ndi mabanki atumiza mathirakita kudzagwetsa nyumba, ndipo banja lonse likwera cilole cakutha kupita ku California. Kumeneko apeza kuti mapepala olonjeza nchito anagawidwa kwa anthu oculuka dala, kuti malipiro atsike. Aliyense amene anagulitsapo cimanga pa mtengo wolira cifukwa ca nkhongole adzaimva filimuyi ngakhale asadziwe Cizungu.

Tiziwaonera bwanji?

Coyamba, tidekhe. Mafilimuwa amayenda pang'onopang'ono, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha. Caciwiri, tisaonere patokha. Ambiri mwa iwo amapezeka pa ma DVD ndi pa intaneti, ndipo gulu la acinyamata kapena mphakati ungathe kuonera pamodzi, wina wodziwa Cizungu akumasulira. Double Indemnity ndi I Confess ndi za akulu ndi acinyamata okhwima, osati ana aang'ono. Cacitatu, filimu ikatha tisangomwazikana. Tifunsane: kodi munthu uja anayamba kusocera pati? Ndani akanamubweza? Nanga ife tikanacita ciani?

Mpingo suona mafilimu ngati mdani. Mu 1995, pokumbukira zaka 100 za mafilimu, ofesi ya ku Vatican yoona za mauthenga inatulutsa mndandanda wa mafilimu 45 ofunika. Pakati pawo pali On the Waterfront ya mu 1954, mmene wansembe alimbikitsa wanchito wa padoko, woseweredwa ndi Marlon Brando, kuti anene zoona za zigawenga zodyera anzake masuku pamutu.

Ana athu sadzaleka kuonera. Cimene tingawapatse ndi maso odziwa kusiyanitsa filimu yokometsera chimo ndi filimu yoonetsa kumene chimo limathera. Makolo, akatekisti ndi atsogoleri a acinyamata, tiyeni tiyese ndi filimu imodzi pa Sondo masana, tikhale nawo pansi, ndipo timve zimene iwo aonamo.