Mpando wa Woweruza ku America: Ausankha Ndani?

Ife alimi tidziwa kuti wobzala mtengo wa mango amayamba waganiza bwino pa malo, cifukwa mtengowo udzakhalapo iye atapita kale. Ndi mmene zilili ndi oweruza a makhoti a boma lalikulu ku United States. Akakhala pampando sapatsidwa zaka zopumira nchito. Amacoka okha akafuna, kapena imfa ikawatenga, kapena aphungu akawacotsa pa mlandu waukulu. A Clarence Thomas analowa m'Khoti Lalikulu mu 1991, ndipo pofika 2021 anali atakwanitsa zaka 30 ali pomwepo.

Pulezidenti ndiye achula dzina, koma sangamukhazike yekha munthuyo. Apolisi a FBI amafufuza mbiri yake. Kenaka komiti ya zamalamulo ya Senate imamuitana ndi kumufunsa mafunso poyera, nthawi zina kwa masiku angapo. Pomaliza aphungu onse 100 a Senate amavota. Akhoza kukana: mu 1987 anakana a Robert Bork ndi mavoti 58 kwa 42.

Papepala njira ndi yoongoka, koma ndale zimalowapo. A Antonin Scalia atamwalira mu February 2016, Pulezidenti Obama anachula a Merrick Garland. A Republican, amene anali oculuka mu Senate, anati caka ca masankho si nthawi yake, ndipo sanawaitane nkomwe. Dzinalo linagona masiku 293 mpaka linatha mphamvu. Koma a Ruth Bader Ginsburg atamwalira pa 18 September 2020, cipani comweco cinathamanga. Pa 26 October, kutatsala masiku 8 cabe kuti anthu avote, a Amy Coney Barrett anavomerezedwa ndi mavoti 52 kwa 48. Ife tiona kuti pamenepa muyeso sunali umodzi. Ngakhale mbali inayo siyoyera: mu 2013 a Democrat ndiwo anayamba kucotsa lamulo lofuna aphungu 60 kuti mkangano utsekedwe, pa oweruza a makhoti apansi, ndipo mu 2017 a Republican anacita cimodzimodzi pa Khoti Lalikulu.

A Barrett ndi Akatolika. Mu 2017, pamene anali kufunsidwa za mpando wa khoti la apilo, aphungu ena anakayikira ngati cikhulupiriro cao sicidzapotoza ziweruzo. Ambiri anadandaula, pakuti malamulo a dzikolo aletsa kuyesa munthu pa cipembedzo asanapatsidwe udindo. Cimene onse alimbirana ndi mphamvu ya oweruza 9 aja: mu 2022 anafafaniza ciweruzo ca 1973 cokhudza kucotsa mimba, nkhaniyo n'kubwerera ku maboma a zigawo.

Kuno kwathu Pulezidenti amasankha atamva a Judicial Service Commission, Nyumba ya Malamulo n'kuvomereza, ndipo woweruza amapumira nchito pa zaka 70.