Kodi Mumadziwa? Khadi Loyamba pa Bridge

Kodi mumadziwa kuti pa masewera a makhadi otchedwa bridge, khadi loyamba limaponyedwa patebulo pali mbee? Madoda a nsolo amaona maenje onse ndi miyala yonse asanasunthe dzanja. Wa bridge alibe mwayi umenewo. Osewera amakhala anayi, awiriawiri moyang'anizana, ndipo aliyense amalandira makhadi 13 mwa 52. Amayamba ndi okushoni: mbali iliyonse imalonjeza kuti idya kangati, ndiponso mtundu wa makhadi umene ulamulire. Okushoni ikatha, wokhala kumanzere kwa amene wapambana ndiye aponya khadi loyamba. Apo m'pamene mnzake wa wopambanayo amayala makhadi ake onse poyera. Kuyambira pamenepo aliyense mwa atatu otsalawo amaona makhadi 26, koma woyambayo anasankha akuona 13 ake okha.



Nanga izi? Pa mipikisano khadi loyambalo amaliika chovundikira. Mnzake wa woponya amapeza mpata wofunsa tanthauzo la zomwe adani analonjeza, ndipo ngati waponya si mwini nthawi, khadilo limabwerera m'manja lisanaulule chinsinsi.

Kodi mumadziwa kuti khadi laling'ono limayankhula? Lamulo lakale, lochokera ku masewera a whist, limati ngati palibe mtundu wolamulira, sankhani mtundu umene muli nawo wambiri, muponye khadi lachinayi kuwerenga kuchokera kumwamba. Mnzanu amachotsera nambala ya khadilo pa 11, ndipo yotsalayo imamuuza makhadi oposa limenelo amene ali m'manja mwa anthu atatu enawo. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi Robert Foster. Tiyeseko. Mnzanu waponya 7 wa mitima. 11 kuchotsa 7, patsala 4. Pa makhadi oyalidwa patebulo pali K, 5 ndi 2. Inu muli ndi A, J, 9 ndi 3. Werengani oposa 7: K, A, J, 9. Akwana anayi! Ndiye kuti mdani wobisa makhadi uja alibe ngakhale limodzi loposa 7. Patebulo pakachoka 2, inu ponyani 3 mtima uli m'malo. Seveni wadya, mnzanu aponyanso mitima, ndipo K uja watsekeredwa pakati. Chovuta chake n'chakuti naye mdaniyo masamu a kuchotsera anaphunzira.

Kodi mumadziwa kuti kuponya khadi laling'ono mutabisa A wa mtundu womwewo, pamene pali mtundu wolamulira, ndi chinthu chimene aphunzitsi a bridge amaletsa kwambiri? Mdani akhoza kudya ndi K amene anali yekhayekha, ulendo wachiwiri n'kudula A wanuyo ndi khadi lolamulira. Koma mukakhala ndi K, Q, J ondondozana, musachite kuganiza mpaka tiyi kuzizira: yambani ndi K.

Iyi ndi ya mu 1929. Theodore Lightner anaona kuti adani akalonjeza kudya ka 12 kapena ka 13 konse, kunena kuti "double" pongofuna kuwonjezera chilango n'kopanda phindu lenileni. Anati mawuwo akhale uthenga kwa mnzako woyamba kuponya: usaponye za masiku onse, funa mtundu wachilendo. Kawirikawiri wonenayo amakhala alibiretu khadi la mtundu winawake, ndipo akudikira kudula.

Kodi mumadziwa kuti khadi limodzi lomweli laipitsa mbiri za akatswiri? Mu 2015 Lotan Fisher ndi Ron Schwartz a ku Israel anaimbidwa mlandu wouzana mtundu woyamba nawo kudzera m'malo amene ankaika kathabwa konyamulira makhadi patebulo, ndipo analetsedwa kusewera. Chaka chomwecho Fulvio Fantoni ndi Claudio Nunes, amene ankasewerera Monaco, ananenedwa kuti ankagoneka khadi chopingasa kapena choongoka pofuna kuuzana za makhadi akuluakulu obisika. Chilango chimene bungwe la bridge la ku Ulaya linawapatsa chinafafanizidwa ndi khoti la zamasewera la ku Lausanne mu 2018. Kale mu 1975, pa mpikisano wa dziko lonse ku Bermuda, nkhani inali ya kupondana mapazi, mpaka okonza anatchinga kunsi kwa matebulo ndi matabwa.

Kodi mumadziwa kuti kompyuta inatsutsa agogo? David Bird ndi Taf Anthias, m'buku lawo la mu 2011, *Winning Notrump Leads*, anaseweretsa kompyuta magemu zikwizikwi. Anapeza kuti adani akafika pa 3NT, lonjezo lopanda mtundu wolamulira, osatchulako mitima kapena masipedi, nthawi zambiri kuyamba ndi umodzi mwa mitundu iwiriyi kumapweteka kwambiri, ngakhale muli nawo makhadi awiri kapena atatu okha, kuposa kukakamira lachinayi la madayamondi. Ine ndimazilandira ndi dzanja limodzi. Khadi loyamba likangogwa, kompyutayo inkasewera ikuona makhadi onse 52, pamene mnzanu wa tsidya la tebulo akaona mwayamba ndi sipedi amakhulupirira kuti muli nawo ambiri, ndipo azibwezabe masipedi mpaka gemu kutha.