Makoza a agogo si onse a njovu

Kuno kwa Mwadzama, agogo akatisiya, zibangili ndi zipeso zawo timangopatsa ana kuti aziseweretsa. Ine ndimati tiyambe taziyang'anitsitsa, chifukwa zina zingakhale za pulasitiki yakale, osati za minyanga.

Minyanga ya njovu, ngati imene a Jumbe ankawolotsa nyanja kuchokera ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800, inali yodula kwambiri kunja. Pofuna cholowa m'malo mwake, John Wesley Hyatt wa ku America anapanga pulasitiki yotchedwa celluloid cha m'ma 1870. Mu 1907 Leo Baekeland anatulukira Bakelite, pulasitiki yolimba yosasungunuka ikatentha. Lero ku Ulaya ndi ku America alipo anthu amene amasakasaka zibangili ndi mabatani akale a mitundu iwiriyi n'kumasunga.

Kuzizindikira n'kosavuta. Tikitani chibangili ndi chala mpaka chifunde, kenako nunkhizani. Bakelite imatulutsa kafungo ka mankhwala koboola m'mphuno, pomwe celluloid imamveka ngati Vicks. Za masiku ano za pamsika sizimveka kanthu, ndipo zimapepuka m'manja kuposa Bakelite.

Celluloid musaiyandikize pa mbaula, imayaka msanga koopsa. Chinyontho cha kunyanja kuno chimaiwononganso, choncho musaitsekere m'chitini. Ikani pouma, podutsa mphepo.