Liwu Lakuti "Atate" M'kalasi ya ku Mchengautuwa

Pa mitu yonse imene aphunzitsi amapatsa ana kuti alembepo chimangirizo, palibe wooneka wapafupi ngati wakuti "Atate Anga". Komatu mphunzitsi wotumizidwa ku Mchengautuwa, mu mzinda wa Mzuzu, sadzachedwa kuona kuti mutu umenewu uli ndi minga.

Mzuzu ndi mudzi wa obwera. Unayamba cha m'1947 ndi minda ya mitengo ya tung, ndipo unakwezedwa kukhala mzinda m'chaka cha 1985. Kotero pa benchi limodzi pamakhala mwana wa Mtumbuka wa ku Rumphi, wa Mngoni wa ku Mzimba, ndi wa Mchewa amene makolo ake anadza ndi ntchito kuchokera ku Dowa. Onsewa amaphunzira Chichewa, monga zakhalira chiyambire 1968, nawerenga liwu limodzi lomwelo. Koma munthu amene aliyense amuona mumtima mwake ngwosiyana.

Kwa Atumbuka ndi Angoni a kumpoto, mwamuna akapereka malowolo, ana ali ake ndi a mtundu wake. Mwana amati "adada", ndipo dzina lomwelo amaitanira nalo akulu ndi ang'ono a atate ake. Atate akamwalira, mmodzi wa iwowa amayembekezeka kulowa m'malo. Kwa Achewa mwambo umayenda njira ina. Mwamuna amapita kuchikamwini, namanga nyumba kwao kwa mkazi, ndipo ana ali mbumba ya malume awo, amene amawaimira pa milandu ndi pa maukwati. Alipo amene amanena kuti tate wa Chichewa ali ngati mlendo pakhomo pake. Kumeneku nkuonjeza, pakuti mnyamata amaphunzira kusema mpini, kuluka nkhokwe ndi kufolera nyumba kwa atate ake omubala. Chimene tateyo alibe ndicho mau otsiriza pabwalo.

Palinso tate wachitatu, amene mabuku a ana samutchula kawirikawiri: tate wa kutali. Kwa zaka zambiri amuna a kumpoto ankapita ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku Southern Rhodesia, ndipo amene sanabwerere anatchedwa machona. Boma linaimitsa ulendo wa Wenela m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu a m'dziko muno oposa 70, koma njira ya ku Joni sinamere udzu. Kufikira lero kuli ana odziwa atate awo ndi mau a pa lamya ndi ndalama zolipirira nyumba. Mwana wotere akaona chithunzi cha m'buku, bambo ali pampando, mayi akupakula nsima, ana awiri ali pambali, amangoti chete, ndipo mphunzitsi wosazindikira amamuyesa waulesi.

Malamulo nawo asintha chithunzichi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika mkazi ndi ana patsogolo pa abale ena a womwalira, kaya kwao nkwa malowolo kaya nkwa chikamwini. Kuyambira 2021 mwamuna wapantchito amaloledwa tchuthi cha masabata awiri mkazi wake akabereka, chinthu chimene akuluakulu akale akadachiseka, popeza za chikuta zinali za amayi okhaokha.

Tsono mphunzitsi asafulumire kulemba mutu pa bolodi. Ayambe wafunsa pakamwa kuti, "Ndani amakulerani kwanu, ndipo mumamuitana bwanji?" Mau onse amene atuluke, adada, atate aang'ono, malume, agogo, awalembe, ndipo ana afotokozerane okha ntchito ya aliyense. Pamenepo mwana asankhe amene afuna kulemba za iye. Chimodzimodzinso poitana makolo ku sukulu: kwa mwana amene atate ake ali ku Joni kapena anamwalira, mau akuti "ukabwere ndi bambo ako" amamusiya njira yonse akulingalira chokanena kunyumba, pamene akuti "ukabwere ndi amene amakulera" amabweretsa munthu m'mawa mwake.