Wotumidwa sasankha munda

Inu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe mwina mudakumanapo nawo anyamata oyenda awiriawiri, ovala malaya oyera, dzina lili pachifuwa. Amenewa ndi amishonale a mpingo umene ambiri amautcha wa a Mormon, umene likulu lake lili ku Salt Lake City, m'dziko la America. Pa chiphunzitso timasiyana nawo kwambiri, makamaka pa za Utatu Woyera ndi pa buku limene amaliyika pamodzi ndi Baibulo, ndipo izi sitibisa. Koma lero tiyeni tilingalire za katumidwe kawo.

Mnyamata akakwanitsa zaka 18, monga adakhazikitsira mu 2012, amalemba mafomu ofotokoza za umoyo wake ndi zinenero zimene amadziwa, nakaonekera kwa bishopu wake. Mafomuwo amapita kulikulu, kumene mmodzi mwa akuluakulu 12 amene iwo amawatcha atumwi amayang'ana chithunzi chake, napemphera, n'kumusankhira dera. Mwiniwake alibe chonenapo. Kalata ikafika, achibale amasonkhana kudzamva kumene mwana wawo akakhale zaka ziwiri. Akakhala mtsikana, miyezi 18.

Apa ndi pamene njira zimasiyana. Wina amatumidwa ku Brazil kapena ku Philippines, kumene makomo amatseguka ndipo obatizidwa amachuluka. Mnzake amene adakulira naye limodzi amagwera ku Germany kapena ku Sweden, nagogoda pazitseko m'chisanu, m'chinenero chimene lilime lake likuchikana, mwina osabatiza ndi mmodzi yemwe kufikira tsiku lobwerera. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utabuka, ambiri adabwezedwa kwawo, ena n'kutumizidwa kumadera amene sadali m'kalata zawo. Kodi tinganene kuti wa ku Brazil uja adaposa mnzake pa kukhulupirika?

Funsoli likutibaya ife tomwe. Sinodi ikamasamutsa abusa, timamva madandaulo a amene apatsidwa mpingo wakumudzi, kumene chopereka ndi nkhuku ndi lichero la chimanga. Ena amayamba kuyendera akuluakulu madzulo kuti asachoke m'tauni. Nawonso akhristu amayeza m'busa ndi kuchuluka kwa anthu m'tchalitchi, ngati kuti nthaka yonse ndi imodzi. Pa Machitidwe 16 timawerenga kuti Paulo adafuna kulowa ku Bituniya, Mzimu n'kumuletsa. Kumene adatumidwako, ku Filipi, adakapeza amayi ochepa m'mbali mwa mtsinje, pambuyo pake zikoti ndi ndende.

Ngakhale mbiri yathu ikuchitira umboni. Amishonale a Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu 1875. Pamene Dr Robert Laws ankasamutsira ntchito ku Bandawe mu 1881, adasiya manda a anzake m'mphepete mwa nyanja, ndipo wobatizidwa adali mmodzi yekha, Albert Namalambe.