Dothi Losakanizika la m'Zigwa: Kulizindikira ndi Kulitcha Dzina

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, mabuku a zaulimi amatiuza kuti dothi lokoma kopambana ndi lija losakanizika, limene m'Chingerezi amati loam, ndi kuti limapezeka kawirikawiri m'zidikha za m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mwana wa ku Petauke kapena wa ku Nyimba akawerenga mawu amenewa angayese kuti nkhaniyi ndi ya eni, popeza dziko la Zambia silikhudza nyanja yamchere pena paliponse. Koma amene amayala dothi m'zidikha za kunyanja ndi madzi a mitsinje, ndipo madzi omwewo amayamba ntchito yawo kuno kwathu. M'mbali mwa Luangwa ndi mwa mitsinje imene imathira m'menemo, monga Msanzala, muli dothi la mtundu womwewo. Tsono lero tiphunzire kulizindikira ndi zala zathu, ndiponso timve momwe akatswiri amaliikira m'magulu.

Dothi lililonse lili ndi timibulu ta mitundu itatu. Woyamba ndi mchenga, umene maso amauona ndipo umakhakhala pakati pa zala. Wachiwiri ndi timibulu tosalala ngati ufa woyera wa chimanga, timene m'Chingerezi amati silt, koma ife m'phunziro lino tidzati ufa wa dothi. Wachitatu ndi dongo, lija amayi amaumbira mbiya. Kambulu ka dongo n'kakang'ono koti mutandanditsa timibulu 500 pamzere umodzi, mzerewo sungapitirire milimita imodzi.

Uliwonse wa mitundu itatuyi uli ndi ubwino wake ndi chilema chake. Mchenga umalowetsa madzi ndi mpweya, koma susunga kanthu: mvula ikagwa m'mawa, pofika madzulo a mawa lake wauma, ndipo feteleza amene mwathira amatsikira pansi pomwe mizu singamufikire. Dongo limagwira madzi ndi chakudya cha mbewu, komatu limagwiritsa, kotero kuti mizu imasowa mpweya, khasu limakanirira m'dzinja, ndipo m'chilimwe nthaka imauma gwa ngati njerwa. Dothi losakanizika ndi lija limene mulibe mtundu umodzi wolamulira inzake. Mukaligawa m'zigawo 10, pafupifupi zigawo 4 zimakhala mchenga, 4 ufa wa dothi, ndipo 2 zokha dongo. Onani kuti dongo ndi lochepa. Mphamvu yake ili ngati ya mchere m'ndiwo, wochepa womwewo umamveka mumphika monse.

Musanyengedwe ndi maonekedwe. Ambiri amati dothi likada ndiye kuti ndi lachonde, koma makande a m'dambo ndi akuda bii, chikhalirecho ndi dongo lolemera limene limang'ambika ming'alu m'mwezi wa Okutobala. Katondo ndi wofiira chifukwa cha dzimbiri la chitsulo chimene chili m'dothimo, ndipo kufiirako kumasonyeza kuti madzi sakhalitsamo. Mukakumba n'kupeza dothi lotuwa lokhala ndi madontho a dzimbiri, dziwani kuti pamenepo madzi amaima miyezi ingapo chaka chilichonse. Mtundu wa dothi umatiuza za madzi, koma kusakanizika kwake kumadziwika pokhudza.

Nayi njira yake. Tapani dothi lodzaza dzanja, muchotse timiyala ndi mizu, mudonthezere madzi pang'onopang'ono mpaka lifewe ngati nsima yozizira. Liumbeni mpira. Likakana kuumbika, ndi mchenga. Likaumbika, lifulukuteni pakati pa zikhatho kuti litalike ngati chala, kenaka yesani kulipinda. Dothi losakanizika limatalika bwino koma limathyoka mukangoyamba kupinda. Likapindika ngati uta lisanathyoke, dongo lachulukirapo. Likalola kuti nsonga zake zikumane ngati chibangili popanda mng'alu, limenelo ndi dongo lenileni, loyenera woumba mbiya koposa wolima mtedza.

Njira yachiwiri imafuna botolo loonekera mkati. Thirani dothi mpaka pakati, mudzaze madzi, mutseke, ndi kukhutchumula kwambiri kufikira zibuma zonse zitasungunuka. Likhazikeni pawindo la kalasi ndipo wina asalikhudze. Mchenga umakhala pansi isanathe mphindi imodzi kapena ziwiri. Ufa wa dothi umatsatira patapita maola awiri. Dongo limachedwa tsiku lathunthu kapena masiku angapo, ndipo zinyalala zowola zimayandama pamwamba. Pimani mzere uliwonse ndi rula. Aphunzitsi, mudzachita bwino kutuma ana kuti abweretse dothi la m'malo atatu: la pamtunda, la m'dambo ndi la m'dimba la kumtsinje. Mabotolo atatu oimikidwa pamodzi amaphunzitsa msanga koposa bolodi lodzaza ndi choko.

Tsono tiyeni tione dziko lathu. Amene anayendapo pa msewu wa Great East Road kuchokera ku Petauke, kupyola Nyimba mpaka pa mlatho wa Luangwa, akudziwa kuti msewuwo umatsika ndi kukhotakhota m'mapiri, ndipo kutentha kumakula pamene mukutsika. Petauke ali pamtunda wokwera pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene chigwa cha Luangwa chili pansi pa mamita 600. Akatswiri a zaulimi amaika chigwacho m'chigawo choyamba, cholandira mvula yosafika mamilimita 800 pachaka, ndipo mtunda amauika m'chigawo chachiwiri, cha mvula ya pakati pa 800 ndi 1,000.

Dothi la pamtunda linabadwira pomwe liliripo. Linachokera ku thanthwe limene lili pansi pake, limene linafumbutuka pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka. Mukakumba dzenje lofika m'chiuno, mudzaona kuti pamwamba pali dothi lamchengamchenga loderapo, ndipo mukamatsika dongo limanka lichuluka ndi kufiira, chifukwa mvula ya zaka zambiri inatsitsira timibulu ta dongo pansi. Dothi la m'mbali mwa mtsinje ndi mlendo. Linabwera ndi madzi osefukira, ndipo dzenje lake limaonetsa mizere yosanjikizana ngati zofunda zopindidwa: apa mchenga, apa ufa wa dothi, apa mzere wakuda wa udzu umene unakwiririka chaka china. Mzere uliwonse ndi chigumula chimodzi. Malo abwino oonerapo zimenezi ndi pa gombe limene mtsinje unagumula, koma ana asapiteko okha, ndipo asaime pansi pa gombe lolendewera.

Madzi ali ndi dongosolo lawo poyala katundu wawo, longa lomwe munaona m'botolo. Akangosefukira, mchenga wolemera umagwa pafupi ndi mtsinje. Ufa wa dothi umapitirira pang'ono. Dongo limafika kutali, kumene madzi amaima ndi kuuma okha. Chifukwa chake munthu wochoka pamtsinje kulowa kumtunda amaponda mchenga poyamba, kenaka dothi losakanizika, ndipo pambuyo pake makande. Lamba wapakatiyo ndiye chuma cha m'chigwa. Ndi wozama, wofewa, ndipo amasunga chinyezi mvula italeka. Nthochi, zimene apaulendo amaidziwira Nyimba, zimakonda dothi lotere.

Makolo athu anali kuwerenga zonsezi poyang'ana zomera. Pomwe pali msangu ndi nsenjere zazitali ankadziwa kuti pali nthaka. Msangu uli ndi khalidwe lodabwitsa, pakuti umayoyola masamba m'dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, motero chimanga chimakula pansi pake osasowa dzuwa. Pomwe pali tsanya yekhayekha, mtengo umene ena amati mupani, ankadziwa kuti pansi pali dongo louma losalowa madzi. Pomwe pachuluka misuku ankadziwa kuti dothi ndi losaya ndi losauka. Katswiri wina wa zomera, C. G. Trapnell, atayendera dziko lino anasindikiza mu 1943 buku lofotokoza dothi, zomera ndi malimidwe a kumpoto ndi kum'mawa kwa dzikoli, ndipo njira yake inali yomweyo ya kuzindikira dothi poona mitengo yomera pamenepo.

Masiku ano akatswiri, monga a ku Mount Makulu ku Chilanga ndi a ku Msekera pafupi ndi Chipata, amatcha dothi maina odziwika m'maiko onse, kuti wa ku Zambia ndi wa ku Brazil amvane. M'ndondomeko imene bungwe la FAO linathandiza kukhazikitsa mu 1998, dothi la mizeremizere loyalidwa ndi madzi limatchedwa Fluvisol, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza mtsinje. Makande ong'ambika amatchedwa Vertisol. Dothi la pamtunda lokhala ndi dongo lambiri pansi limagwera m'magulu monga Lixisol ndi Luvisol. Ana a pulayimale sayenera kuloweza maina onsewa. Chofunika n'chakuti aone kuti dothi limatchedwa kawiri: dzina limodzi limanena za kusakanizika kwa timibulu, limene zala zimapeza, ndipo lina limanena za mbiri ya dothilo, imene dzenje limaulula. Dothi la m'dimba la ku Nyimba ndi la m'chidikha cha kunyanja angakhale ndi maina onse awiri ofanana.

Funso limene mwana wochenjera adzafunsa ndi ili: kodi mtsinje umalitenga kuti dothi limeneli? Yankho lake ndi lowawa. Luangwa amafiira m'dzinja chifukwa wasenza dothi la pamwamba lochokera m'mapiri ndi m'minda ya kumtunda, makamaka kumene mitengo inatha ndipo mizere inalunjika kumunsi kwa phiri. Lina limatsala m'chigwa, koma lambiri limapitirira mpaka ku boma la Luangwa, limene kale linkatchedwa Feira, kumene mtsinjewu umathira mu Zambezi moyang'anana ndi Zumbo. Kale dothi lotere linkayenda mpaka ku zidikha za Mozambique, kumene kuli minda ya nzimbe ya ku Marromeu, ndi kukafika kunyanja pafupi ndi Chinde. Chimangidwire damu la Cahora Bassa mu 1974, lambiri limakhazikika pansi pa madzi a damulo, kumene silithandiza mlimi aliyense. Madzi angakokolole m'dzinja limodzi dothi limene linatenga zaka mazana ambiri kuti lipangike.

Ndiponso dothi losakanizika nalo limaguga. Kuchuluka kwa mchenga ndi dongo sikusintha m'moyo wa munthu, koma zowola zimene zimamanga timibulu kukhala tizibuma tofewa zimatha msanga ngati mapesi atenthedwa chaka ndi chaka ndipo chimanga chibwerezedwa pamalo amodzi. Kaufiti akayamba kufiira m'mizere, mundawo wayamba kudandaula. Choncho posankha malo a dimba la sukulu, yambani mwaumba dothi lake m'manja ndi kukumba dzenje limodzi. Musalime kufika pagombe penipeni, koma musiye lamba wa bango, nsenjere ndi mitengo kuti agwire gombelo. Kwirirani mapesi, thirani manyowa, ndipo pamene panali chimanga chaka chino mudzabzalepo mtedza chaka chamawa. Botolo la dothi la m'dimbamo mulilembe tsiku ndi malo, mulisunge m'kabati, kuti a giledi yotsatira adzaliyerekeze ndi lawo.