Fataleza wa pamwamba sasiyidwa pamwamba

Cimanga cikafika m'mabondo, kumapeto kwa Disembala ndi mu Januwale, alimi a ku Lundazi, Chasefu ndi Lumezi amatsegula matumba a Urea. Dzina limene tinamupatsa, lakuti fataleza wa pamwamba, ndilo lasoceretsa ambiri. Munthu amayenda mumzere, kuponya timibulu toyera patsinde, n'kubwerera kumudzi osakwirira. Pakatha mlungu umodzi gawo lina la fataleza uja limakhala litauluka, mwini munda osadziwa.

M'thumba la makilogramu 50 la Urea muli makilogramu 23 a nayitrojeni, cakudya cimene cimabiriwitsa masamba ndi kukulitsa zitsononkho. Alangizi a malimidwe akhala akunena kuti hekitala imodzi ifuna matumba 4 a Compound D ndi matumba 4 a Urea. Tiyerekeze kuti gawo limodzi mwa magawo anayi lauluka, cinthu cimene cimacitika ndithu pa nthaka yotentha. Ndiye kuti thumba lathunthu lapita ndi mphepo, pamodzi ndi ndalama zimene munasonkha ku kopaletivu.

Kodi fataleza amauluka bwanji? Urea akakhudza cinyezi amasungunuka. M'nthaka ndi m'zinyalala zoola muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timaturutsa mankhwala ochedwa urease. Mankhwalawa amaphwanya Urea ndi kumusandutsa amoniyamu, amene mizu imatha kuyamwa. Liwiro la nchito imeneyi limadalira kutentha. Amai amene amaphika thobwa adziwa kale lamuloli: la mu Okutobala limasasa msanga, la mu Juni limacedwa. Akatswiri amati pa kusintha kwambiri kwa mtundu uwu, kutentha kukakwera ndi madigiri 10 liwiro limawirikiza pafupifupi kawiri. Motero pa nthaka yofunda ndi yonyowa ya mu Januwale, Urea amatha kusanduka m'masiku awiri, atatu kapena anayi cabe.

Bvuto lili apa. Amoniyamu ali ndi mnzace, mpweya wa amoniya, uja wonunkha moboola mphuno m'khola la nkhuku kapena m'cimbudzi. Awiriwa amasinthana kosalekeza: amoniyamu kusanduka amoniya, amoniya kubwerera kukhala amoniyamu. Pamalo otsekeka amafika polingana ngati sikelo yogulira nyemba, zocoka mbali iyi zilingana ndi zobwera. M'caka ca 1884 katswiri wa ku France, Henri Le Chatelier, anafotokoza kuti ukacotsa kanthu mbali imodzi ya sikelo yotere, mbali inayo imathirako kuti zilinganenso. Pamwamba pa nthaka mphepo imatenga amoniya. Amoniyamu wina amasanduka mpweya kuti atseke mpatawo, mphepo n'kutenganso. Zimapitirira conco usana ndi usiku. Koma pansi pa dothi mpweyawo ulibe kothawira. Umabwerera kukhala amoniyamu, dothi n'kumugwira kufikira mizu itamupeza.

Ndi bwino kudziwanso kumene nayitrojeni ameneyu anacokera. Mwa magawo 100 a mpweya umene tipuma, 78 ndi nayitrojeni, koma cimanga sicingamudye ali mumlengalenga. Mu 1909 Fritz Haber wa ku Germany anapeza njira yomuphatikiza ndi haidrojeni kuti apange amoniya, ndipo mu 1913 Carl Bosch anatsegula fakitale yoyamba ku Oppau. Nawonso analimbana ndi sikelo yomweyi. Moto wambiri umafulumiza nchito, koma umabwezera sikelo kumbuyo, amoniya n'kucepa. Moto wocepa umapatsa amoniya wambiri, koma mocedwa kwambiri. Conco mafakitale amasankha pakati, madigiri 400 kufika 500, amapanikiza mpweya kuposa wa panja nthawi 150 kapena 200, ndipo amaikamo citsulo cofulumizitsa. Ngakhale atero, ulendo umodzi umapatsa gawo locepa cabe. Amacotsa amoniya wopangidwayo ndi kubwezeramo zotsala kambirimbiri. Kuno kwathu fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia ku Kafue inayamba nchito yotere mu 1970. Zonsezi zimadya malasha kapena gasi woculuka, ndico cifukwa mtengo wa fataleza unakwera kwambiri mu 2022 pamene gasi anadula cifukwa ca nkhondo ya ku Ukraine. Tsono cinthu cimene anthu anabvutika kucigwira mumlengalenga, ife n'kucibwezera komweko cifukwa cosakwirira?

Cocita n'capafupi. Boolani kadzenje ndi kamtengo, kozama masentimita 5, kutali ndi tsinde ngati utali wa cala, kuti fataleza asaoce mbeu. Thirani muyeso umene alangizi a kwanu anakuuzani, ndipo kwirirani ndi phazi nthawi yomweyo. Thirani nthaka ili ndi cinyezi, mutatha kupalira. Nthawi yoipa koposa ndi pamene kwagwa mame kapena kamvula kowaza, kenaka dzuwa ndi mphepo kwa masiku angapo: cinyezi cokwana kusungunula, koma cosakwana kulowetsa pansi. Mvula yabwino ikagwa tsiku lomwelo imalowetsa Urea yokha, koma ng'amba ya mu Januwale ndi Febuluwale 2024 inatiphunzitsa kuti mitambo siilonjeza.

Musasakanize Urea ndi phulusa kapena laimu, ndipo musamuthire pamene mwangotentha zinyalala. Zinthu izi zimakankhira sikelo ku mbali ya mpweya. Laimu ndi wabwino pa nthaka yowawasa, koma nthawi yace ndi pokonza munda, mvula isanayambe. Pa nthaka ya mcenga, imene siigwira cakudya mwamphamvu, ndi nzeru kugawa fataleza pawiri m'malo mothira yense tsiku limodzi. Manyowa nawonso ali pa lamulo lomweli. Mulu ukanunkha pa dzuwa, ndiye kuti cakudya ca mbeu cikucoka. Uphimbeni ndi udzu kapena dothi.

Ena adzati kuboola ndi kukwirira kumacedwetsa, makamaka kwa amasiye ndi okalamba amene alibe owathandiza. N'zoona. Apa ndi pamene akristu a mpingo umodzi ndi mamembala a kopaletivu angagwirizane, lero munda wa uyu, mawa wa uje, wina aboola, wina athira, wina akwirira. Tsiku limodzi loonjezera silingafanane ndi thumba lotayika. Paja madzi akatayika saoleka.